Za phazi la bambo anga lija, nayi pomwe tafika

Zikomo kwambiri nonse munandiyankha muja nditafunsa za bambo anga, aja phazi lakumanzere linangogwa osatha kulidzutsa chiwagundireni njinga ya kabaza pambali pa bondo pa Kamuzu Road ku Salima kuno. Patapata ankangovuka yekha, zala kukhukhuza pansi, poyenda amachita kukweza bondo ngati akukwera masitepe.

Ena munati ndi sitiroko, ena munati tikatemetse mphini, koma ine ndinamvera achemwali aja munati tipite kwa a fiziyo, aja ochititsa odwala mafizo, kuchipatala cha boma. Kumeneko anati ndi foot drop, unavulala ndi mtsempha wa peroneal womwe umadutsa kunja kwa bondo pamwamba penipeni pafupi ndi khungu, ndiye ukangofinyika minofu yodzutsa phazi siimvanso. Anawapatsa chapulasitiki chogwira phazi chovalira mu nsapato ndipo m'mawa ndi madzulo amakoka phazi ndi chitenje kuti lisaume.

Miyezi inayi yatha, dzana chala chachikulu chagwedera chokha, mayi mpaka misozi. Mtsempha akuti umachira pafupifupi milimita imodzi patsiku ndiye musafulumire kutaya mtima.

Chomwe chinandiwawa, pamwamba pa phazi panachita dzanzi moti anapsa akuotha moto osamva kanthu, tinaona m'mawa litatuluka thuza. Amene muli ndi odwala otere, muziwayang'ana phazi tsiku lililonse chonde. Kupingasa miyendo ndi kunjuta nthawi yaitali posoka maukonde awaletsa, pano amasoka atakhala pa mpando.