Ana a HCI (phunziro la mmene anthu amagwiritsira ntchito makompyuta) akuyesa ma prototype (zitsanzo za app) pa anzawo a ku hostel, nditani?

Mphunzitsi wa chaka chachitatu: Aphunzitsi anzanga ndithandizeni, mutu waima. Ndinawapatsa ana anga ntchito ya app ya banki m'khonde. Magulu onse abwera ndi zitsanzo zonyezimira zojambulidwa pa pulogalamu ya Figma, ayesa pa anzawo a ku hostel, SUS (mafunso oyezera kuphweka kwa app, malikisi ake pa 100) yafika 90 kupita m'mwamba pomwe avereji ndi 68, ndiye akuti apambana. Mayi wa banki m'khonde ngakhale mmodzi sanagwirepo chinthucho. Semesita ikutha. Ndiwabweze, kapena ndingodula malikisi?

Mdala wa Systems: Alandeni Figma. Pepala, pensulo, sizasi, basi. Mwana akajambula papepala samva chisoni kung'amba.

Madamu a UX (za mmene munthu amamvera pogwiritsa ntchito app): Musanawatumize kumsika, consent form, yopemphera chilolezo kwa oyesawo, ilipo? Chaka china ana anga anajambula amayi akuwerenga ndalama, osapempha, vidiyo n'kulowa mu presentation, kope la ngongole likuoneka ndi mayina omwe. Tinachita kukapepesa kwa amfumu.

Wa chaka chachitatu: Form ilipo madamu, koma ndalama ya transport palibe.

Wa ku lab: Nielsen, katswiri wa zoyesa mapulogalamu, amati anthu 5 oyesa amakupezerani pafupifupi 85% ya mavuto. Asanu okha, kumsika wapafupi, wapansi afika.

Madamu a UX: Asanuwo akhale a mtundu umodzi wa ogwiritsa ntchito, achimwene. Msungichuma ndi membala wamba si amodzi. Komanso kwathu kuno mayi sangauze mwana wa ku yunivesite kuti chinthu chako n'choipa. Adzangoti "zili bwino mwanawe" chala chikungoyendayenda pa sikirini. Ana aziyang'ana chala, asamamvere pakamwa. Think-aloud, yomuuza munthu azilankhula zomwe akuganiza pamene akuyesa, nayo imavuta, munthu amangokhala duu poopa kulakwa.

Mdala wa Systems: N'chifukwa chake ndikuti pepala. Chojambula pamanja munthu saopa kuchinyoza.

Wa ku lab: Chenjeraninso ndi SUS yomasulira. Mafunso 10 aja amasinthana, lina loyamikira lina lodandaula. Mwana akawamasulira mothamanga, munthu amangovomera onse, score n'kusokonekera.

Wa Networks: Koma inu, amayiwo ali ndi smartphone? Ambiri ndi ya mabatani. Bwanji osawapatsa menu ya USSD ngati ya Mpamba kapena Airtel Money? Zilembo zosapitirira 182 pa sikirini, session imaduka ukachedwa. Pamenepo mwana adziwa kusankha mawu.

Mdala wa Systems: USSD imeneyo papepala imatheka bwino kwambiri. Makhadi asanu ndi limodzi.

Madamu a UX: Bambo, tamva za pepala. Vuto si chida, ndi amene akuyesedwa. Ndipo kusintha pano brief, ntchito imene munawapatsa ija, external examiner (woyesa wochokera kunja) adzafunsa. Rubric yanu yochongera ikupereka malikisi angati pa recruitment, kasankhidwe ka anthu oyesa app? Ngati ziro, anawo sanalakwe.