Chifukwa chiyani ife a kunyanja timachemerera matimu a ku Blantyre kusiya a kwathu?

Mphunzitsi wa ku Senga Bay:

Akuluakulu ndi abale nonse okonda mpira wamiyendo, ndikupempha kuti amene munauona mpira wa dziko lino kuyambira kale mundithandize pa funso ili. Kuno ku Salima tili ndi timu ya MAFCO, yomwe yakhala zaka zambiri mu ligi yaikulu, ndipo ku Nkhotakota kuli Dwangwa United, yomwe yakhala ikulowa ndi kutuluka mu ligi yomweyo. Komabe mukayenda pa Kamuzu Road kapena pagombe pomwe asodzi amakocheza mabwato, malaya omwe mungaone ndi ofiira a Bullets ndi abuluu a Wanderers, mwina ndi ochepa a Silver Strikers. Ana amene ndimaphunzitsa amatchula pamtima osewera onse a Maule (Bullets) ndi a Manoma (Wanderers), koma sangatchule ngakhale wosewera mmodzi wa timu ya m'boma lawo. Kodi zimenezi zinayamba bwanji, ndipo kodi cholakwika chili mwa ife ochemerera kapena m'mene mpira wathu unakhazikitsidwira?

Agogo a ku Linga:

Aphunzitsi, mwafunsa bwino, ndipo ine ndikuona kuti yankho lalikulu ndi wailesi. Bungwe loyendetsa mpira la FAM linakhazikitsidwa mu 1966, koma ligi ya dziko lonse inayamba mu 1986, kutanthauza kuti kwa zaka pafupifupi 20 matimu ankapikisana m'maligi a m'mizinda ndi m'zigawo, ndipo mpira wamphamvu unali ku Blantyre. Nthawi imeneyo wailesi inali imodzi yokha, ya MBC, ndipo nayonso inali ku Blantyre komweko. Loweruka masana tinkasonkhana pakhonde la munthu amene anali ndi wailesi, ena atapereka mabatire, ena atayanika padzuwa mabatire akale poganiza kuti apezanso mphamvu, n'kumamvera masewero a pa bwalo la Kamuzu. Mayina omwe ankalowa m'makutu mwathu sabata ndi sabata anali a Bata Bullets ndi Yamaha Wanderers, yomwe pambuyo pake inadzatchedwa Limbe Leaf Wanderers. Munthu amakonda chimene amachimva kawirikawiri, ndipo ambiri a ife tinasankha timu tisanaone nkhope ya wosewera wake aliyense.

Chachiwiri n'chakuti matimu awiriwa ndi amene ankapereka osewera ambiri ku timu ya dziko, panthawi yomwe timuyo inkatinyaditsa kwambiri. Mu 1978 Malawi inatenga chikho cha m'chigawo cha kum'mawa ndi pakati pa Africa itagonjetsa Zambia 3-2 pakhomo, mu 1979 inakachitetezera ku Kenya, ndipo inadzachitenganso mu 1988. Pakati pa zaka zimenezi tinapita koyamba ku mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Ivory Coast mu 1984, komanso tinatenga mendulo ya nambala yachitatu ku All-Africa Games ku Nairobi mu 1987. Kinnah Phiri ndi Lawrence Waya anali a Bullets, Jack Chamangwana anali wa Wanderers, Young Chimodzi anali wa Silver. Mwana wa ku Linga akamva kuti Kinnah wagoletsera dziko, sabata yotsatira ankafuna kumva kuti Kinnah yemweyo wachita chiyani ku Bullets. Chikondi chimenecho ife tinapatsira ana athu, ndipo iwo apatsira adzukulu. Ine sindikuchiona ngati cholakwika, chifukwa panthawiyo n'chimene chinkamulumikiza munthu wa ku Nkhotakota ndi wa ku Nsanje pa chinthu chimodzi.

Mayi wa ku Dwangwa:

Agogo, za wailesi ndikuvomereza, koma mundilole ndiwonjezere mbali ina imene ikundipweteka mtima kwambiri, chifukwa wailesi ya MBC siilinso yokha kwa zaka zambiri tsopano, koma zinthu sizinasinthe. Taonani mayina a matimu omwe akhala mu ligi yathu. MAFCO ndi ya sukulu ya asilikali, Kamuzu Barracks, Moyale Barracks ndi Red Lions nazonso ndi za asilikali, Blue Eagles ndi ya apolisi, Silver Strikers ndi ya Reserve Bank, ndipo kale kunali ESCOM United, ADMARC Tigers ndi MDC United. Matimu otere amakhala a malo antchito, osati a mudzi kapena a boma lomwe akukhalamo. Wosewera wa timu ya asilikali angathe kuchokera ku Rumphi kapena ku Mulanje, ndipo msodzi wa ku Lifuwu alibe chifukwa chomuonera ngati mwana wa kwawo. Ubwino wake ulipo ndithu, pakuti osewerawo amakhala pantchito yolandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo Kamuzu Barracks inaonetsa mu 2016 kuti timu yotere ingathe kutenga ligi. Koma kampani ikagwa kapena ikasiya kuthandiza, timu imazimirira, ndipo palibe amene amaguba pamsewu kuilirira. Bullets yasintha mayina kuchoka pa Bata kufika pa Total, Bakili ndi Nyasa, koma ochemerera sanachoke, chifukwa iwo anaitenga ngati yawo, osati ya wothandizayo.

Kenaka pali nkhani ya bwalo. Kwa zaka zambiri MAFCO yakhala ikuseweretsa masewero ake apakhomo pa bwalo la Chitowe kuno ku Dwangwa, mtunda wa makilomita oposa 150 kuchokera ku Salima kudzera msewu wa M5. Aphunzitsi, ana anu angaidziwe bwanji timu imene sanaionepo ikusewera? Ine ndimagulitsa mandasi ndi madzi ozizira kunja kwa bwalo pa tsiku la masewero, ndipo ndimaona zomwe zimachitika. Kukabwera timu ina yaing'ono, theka la beseni limabwerera kunyumba. Kukabwera Bullets, malole amayamba kutsitsa anthu m'mawa, anyamata a kabaza amamangirira nsalu zofiira pa njinga zawo, ena amakwera m'mitengo, ndipo mandasi amatha masewero asanayambe. Timu yomwe ikutchedwa ya pakhomo ikagoletsa, bwalo limakhala chete ngati kuti wagoletsa ndi mlendo.

Mlembi wa timu ya m'mudzi, Khombedza:

Ine ndikusiyana pang'ono ndi nonse, makamaka ndi inu aphunzitsi pamene mukuti anthu sakonda matimu a kwawo. Amawakonda kwambiri, kungoti matimu a kwawo enieni sali mu ligi yaikulu. Bwerani Lamulungu masana pa bwalo la sukulu ya pulayimale pamene mudzi wina ukukumana ndi mudzi unzake. Zigoli zimakhala za mitengo ya bulugama, mizere timaithira ndi phulusa, woyimbira amabwereka wezulo, koma anthu amazungulira bwalo lonse mizere itatu, amayi akuimba ndi kuvina, mafumu atakhala pa mipando ya aphunzitsi. Mnyamata yemwe wavala malaya a Wanderers pa tsikulo amachemerera mwana wa mlongo wake mpaka mawu kutha.

Vuto ndi makwerero ochokera pa bwalo lotere kufika pamwamba. Kuti timu ya kuno ifike mu ligi yaikulu iyenera kudutsa mu ligi ya chigawo chapakati, kumene sabata ino muli ku Mchinji, sabata yamawa ku Ntcheu kapena ku Kasungu, ndipo ulendo uliwonse umafuna galimoto, mafuta, chakudya ndi ndalama za oyimbira. Ndalama za pachipata sitingatolere chifukwa mabwalo athu alibe mpanda. Andale amabweretsa mabonanza chisankho chikayandikira, amapereka mipira ndi mayunifomu, koma bonanza imatha pa masabata ochepa ndipo simanga timu. Wosewera waluso akaonekera, matimu a ku Lilongwe amamutenga, ndipo mudzi umene unamulera kawirikawiri sulandira kanthu.

Chimene chimandipatsa chiyembekezo ndi mpira wa pamchenga. Mu 2022 Malawi inasewera koyamba mu mpikisano wa Africa wa mpira umenewu ku Vilankulo, m'dziko la Mozambique, ndipo masewerowa amafuna mchenga, womwe Blantyre ndi Lilongwe alibe koma ife tili nawo kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa. Apa ndi pamene maboma a m'mbali mwa nyanja angathe kukhala eni ake a masewero, osati ongomvera.

Agogo a ku Linga:

A mlembi, mfundo yanu ya makwerero ndayimva, ndipo ndikuonjezerapo kuti Karonga United ndi Chitipa United zatisonyeza kuti timu yotchedwa dzina la boma ingathe kufika mu ligi yaikulu ndi kukoka anthu a kwawo. Ku Karonga bwalo linamangidwa pa boma pomwepo, ndipo masewero a ligi amachitikira pamaso pa eni dera. Ngati amalonda a ku Salima ndi ku Nkhotakota, eni malo ogona alendo a ku Senga Bay ndi makhonsolo athu atagwirizana pa timu imodzi ya boma, n'kuyamba ndi mpanda wa bwalo kuti ndalama za pachipata zizitoleredwa, ana a aphunzitsiwa angakhale ndi osewera owadziwa mayina ndi makolo awo omwe. Ine Bullets sindingaisiye pa msinkhu uno, koma tsiku lomwe timu ya Nkhotakota idzakumane nayo ku Chitowe, ndidzakhala kumbali ya Nkhotakota.