Ndithandizeni: tingayeze bwanji poizoni m'madzi ndi m'matope a ku mathiriro a South Rukuru?

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene munagwirapo ntchito yoyeza madzi. Ndili ku Mzuzu kuno ndipo ndikukonza kafukufuku wa pamene South Rukuru amathira m'nyanja ya Malawi. Madzi a Lunyangwa, amene amadutsa mumzinda uno, amakalowa mu Kasitu kenako mu South Rukuru, ndiye zonse zochokera m'minda ya fodya, m'madimba ndi m'ngalande za m'tauni zimakathera komweko.

Kuyeza mankhwala amodziamodzi ku labu n'kokwera mtengo, komanso sikuonetsa zimene zimachitika akasakanikirana. N'chifukwa chake ndikufuna kuika tizamoyo tamoyo m'madziwo n'kuona ngati tikufa. Ndikudziwa kuti Daphnia magna (tizamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi tooneka ngati utitiri) amayesedwa kwa maola 48, tiana ta nsomba maola 96, pomwe matope amawayesa ndi mphutsi za Chironomus (tizilombo touluka tofanana ndi udzudzu koma tosaluma) kwa masiku 10. Matopewo ndi amene akundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa zitsulo ndi mankhwala ophera tizilombo zimakakamira mmenemo ngakhale madzi a pamwamba akuoneka oyera, ndipo mpasa zimakwera mitsinje kukaswana.

Kodi alipo amene amaweta Daphnia kuno ku Malawi? Ngati palibe, kodi tiana ta makumba tingagwire ntchito, zotsatira zake n'kuvomerezeka? Nanga matope ndiwatape mvula yoyamba ikangogwa kapena m'chilimwe madzi ataphwera? Ndiwasunge bwanji ozizira paulendo wobwerera ku Mzuzu, poti magetsi amathimathima?