Zowonjezera pa funso la throttle body ya injini za mpikisano

Pa funso lakuti throttle body (chipangizo cholamulira kuchuluka kwa mpweya wolowa mu injini) ya galimoto za mpikisano imasiyana bwanji ndi ya galimoto zaliwiro zoyenda pamsewu wamba, yankho loyamba linangotchula kukula kwa bowo lolowera mpweya. Zimenezo n'zoona, koma nkhani yaikulu yagona pa chiwerengero cha ma throttle body ndi malo amene amaikidwa.

Injini zambiri za mpikisano zopanda turbo zimakhala ndi throttle yakeyake pa silinda iliyonse, pafupi kwambiri ndi mavavu, motero mpweya umalowa nthawi yomweyo dalaivala akaponda moto. Zina zimagwiritsa ntchito chitseko chotsetsereka, chimene chikatseguka chonse sichisiya kanthu m'njira ya mpweya, pamene chitseko chofala cha butterfly, chimene chimatseguka motembenuka, chimasiyabe kachitsulo pakati.

Galimoto za pamsewu nthawi zambiri zimakhala ndi throttle imodzi yolamulidwa ndi kompyuta, chifukwa injini iyenera kulira modekha galimoto ikaima ndiponso kutulutsa utsi wochepa. Komabe BMW M3 ya mtundu wa E46 inali nazo 6, imodzi pa silinda iliyonse. Kuzilinganiza kuti zizitseguka mofanana n'kovuta ndiponso kumadya ndalama, ndipo ndikuona kuti n'chifukwa chake makampani ambiri amazipewa.