Poloti ya ku Njewa: ndigule kapena ndizingolipira lendi?

Bambo a Tadala: Moni nonse. Andisamutsa kuchoka ku Zomba, panopa ndikugwira ntchito ku Kanengo, ku Lilongwe. Ndikukhala mu boys quarter ku Area 25, chipinda ndi kabalaza, K150,000 pa mwezi. Alandilodi anafuna miyezi itatu pasadakhale, osawerengera ya dobadoba amene anandionetsa nyumbayo. Banja ndalisiya ku Zomba chifukwa sitingakwanemo. Tsono mnzanga wandiuza za poloti ku Njewa, 20 by 30, K4.5 miliyoni, akuti ndikhoza kulipira m'magawo awiri. Ndili ndi kangachepe ku SACCO. Ndigule, kapena ndalamazo ndipezere nyumba yokulirapo kuti ana abwere?

Nabanda: Gulani achimwene, musachedwe. Kwacha inagwa ndi 25% mu May 2022, kenako 44% mu November 2023. Amene anasunga ndalama ku banki analira, amene anagula malo akuseka. Ndalama ya lendi ikapita yapita.

Akulu a ku Likuni: Mayi Nabanda, poloti sagonapo. Akagula mawa, lendi ya ku 25 ikhalabe ikuwadikira pa 30 mwezi uliwonse, komanso akatenga ngongole, SACCO izidula malipiro. Funso langa kwa Bambo a Tadala ndi lakuti, mukalipira K4.5 miliyoniyo, ya simenti ndi malata ichokera kuti? Pitani mukaone ku Njewa komweko, ku Mpingu, ku Chitedze. Maziko ambirimbiri amera udzu, eni ake akadali pa lendi m'tauni.

Nabanda: Ngakhale amere udzu, malowo ndi awo. Mtengo ukukwera ali chigonere.

Mjomba Yusufu: Ine nkhani ya mtengo ndiisiye kaye, ndinene za mapepala. Wogulitsayo ndi ndani? Ngati ndi malo a makolo, pepala la anyakwawa lokhala ndi chidindo si chikalata cha umwini. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linabweretsa makomiti oona za malo m'midzi ndi njira yolembetsera malo otere, ndipo lizi imachokera ku Unduna wa za Malo. Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Ndinagula poloti mbali ina ya mzinda uno, ndinalipira pamaso pa mboni ziwiri, tinadyera limodzi nsima ya nkhuku. Patatha miyezi isanu ndikupita ndi lole ya mchenga, ndinapeza munthu wina akukumba chimbudzi pakona pomwe ndinazika chikhomo changa. Naye anatulutsa pepala lake, chidindo chomwecho, dzanja lomwelo, kungosiyana tsiku. Anatigulitsa anali mphwake wa mwini munda, mwini wakeyo ali ku Joni osadziwa kanthu. Mchenga uja ndinaugulitsa motchipa kwa woyandikana naye.

Bambo a Tadala: Eee, pepani amjomba. Akuti wogulitsayo ndi mwini munda weniweni, akuduladula yekha.

Mjomba Yusufu: "Akuti" ameneyo ndi amene anandidyera ndalama. Kakumaneni ndi banja lonse, makamaka alongo ake ndi amalume. Kuno kwa Achewa munda umayenda kuchikazi, bambo akhoza kugulitsa malo omwe si ake.

Mayi a Chisomo: Palibe amene watchula mtunda. Njewa ili msewu wa ku Mchinji, Kanengo ili kumpoto, msewu wa M1. Popanda galimoto ndiye kuti minibasi mpaka m'tauni, ina ya ku Kanengo, mwinanso kabaza wa njinga yamoto kuchoka kunyumba kukafika pa tala. M'dzinja matope mpaka m'mawondo. Werengerani thiransipoti ya masiku 22 pa mwezi, muona kuti ikulimbana ndi lendi mukulipirayo. Ku 25 muli pakhomo pa ntchito. Ngati mtima uli pa poloti, bwanji osafufuza cha ku Lumbadzi kapena mbali ya Dzenza?

Akulu a ku Likuni: Komanso afunse za madzi. Mapaipi a Water Board afikako? Mapolo a ESCOM ali patali bwanji? Kukumba mjigo si masewera. Ndipo poloti muzikaiona mu February, osati mu August. Nthawi yadzuwa dambo limaoneka ngati mtunda. A ku Mtandire amaudziwa bwino mtsinje wa Lingadzi.

Nabanda: Inu mukuwaopseza munthu. Tonse tinayamba choncho. Ine ndinamanga zipinda ziwiri za mabuloko kumbuyo kwa poloti, ndinalowa pansi pasanapakidwe simenti, mawindo nditatseka ndi malata. Chaka choyamba tinkatunga madzi pa kiyosiki. Lero palibe amene amagogoda pakhomo panga kudzandiuza kuti lendi yakwera.

Mayi a Chisomo: Inu ntchito yanu ndi bizinesi, mumadzuka nthawi yomwe mwafuna. Awa akachedwa kawiri alandira kalata. Ndiponso awasamutsa kamodzi, chingaletse n'chiyani kuwatumiza ku Mzuzu chaka chamawa?

Bambo a Tadala: Apo mwalasa mayi. Kontirakiti yanga ndi ya zaka ziwiri. Nanga nyumba za Malawi Housing, munthu angalembetse?

Akulu a ku Likuni: Kulembetsa mukhoza, koma musayembekezere makiyi msanga. Amene ali m'nyumba zimenezo ku Area 18 satulukamo wamba.

Bambo a Tadala: Chabwino. Loweruka ndipita ku Njewa pa minibasi, ndinyamuka pa geti ya kuntchito kuti ndione nthawi ndi ndalama zake. Sinditenga ndalama ya poloti. Amjomba, mungandiperekeze? Mafunso a kubanja kuja ine sindingawathe ndekha.

Mjomba Yusufu: Ndipezeni pa depoti 8 koloko. Muuzeni mnzanuyo kuti alongo ake a mwini munda akhalepo.