Kangal kapena Jack Russell: banja likufuna galu mmodzi

Mlangizi: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali banja lina lomwe ndimalilangiza pa ulimi wa mbuzi. Ali nazo pafupifupi 60, koma nyengo yoswa ikafika ana a mbuzi amangothera nkhandwe ndi agalu osokera. Agwirizana zogula galu mmodzi, mtundu wake ndiye wawagawanitsa. Bambo akufuna Kangal. Mayi ndi ana akufuna Jack Russell, ati n'ngolusa ndithu, amauwa, komanso athana ndi makoswe omwe akuboola matumba a chakudya cha ziweto. Andisiyira ine kuti ndigamule.

Adokotala a ziweto: Musanagamule, achimwene, ana a mbuziwo akusowera kuti, nthawi yanji? Ngati ndi m'khola usiku, akonze khola, za galu zibwere pambuyo.

Mlangizi: Khola n'lolimba, adokotala. Akusowera kubusa, makamaka chakumadzulo mbusa akamakusa ziweto, zoswa kumene zitatsalira m'mbuyo ndi ana awo.

Amayi oweta nkhosa: Ndiye za Jack Russell aiwale, achimwene. Ine ndili naye ndipo ndimamukonda, koma kubusa sapondako. Mtundu umenewu unachokera kwa m'busa wina wa mpingo ku England, John Russell, m'zaka za m'ma 1800, ndipo ntchito yake inali kulowa ku una kukavumbulutsa nkhandwe kuti alenje aithamangitse. Kagalu ka makilogalamu 6 mpaka 8, koma chilichonse chothawa n'chake. Wangayu akamva khoswe kuseri kwa matumba amauma thupi lonse, kaphazi kamodzi kali m'mwamba, kamchira kali njenjenje. Akamugwira amangomupukusa kawiri, n'kumutaya, n'kuyamba kununkhiza wina. Mwanapiye amamuchita chimodzimodzi, sasiyanitsa. Tsono kamwana ka mbuzi kakamadumphadumpha iye amaona chothamangitsa. Ndipo agalu osokera atatu akabwera, amene mukamutole atafa ndi iyeyo, chifukwa sadziwa kuti n'ngwamng'ono.

Wophunzitsa agalu: Amayi anena zoona. Kangal, wochokera dera la Sivas ku Turkey, amafika makilogalamu 40 mpaka 60, ndipo sathamangitsa ziweto kapena kuzikusa. Amayenda nazo mwaulesi, amagona pakati pawo, amakodzera m'malire. Chilombo chikayandikira amauwa ndi mawu akuya n'kuima pakati pa icho ndi mbuzi, ndipo nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo osalumana. Raymond ndi Lorna Coppinger, omwe anafufuza za agalu otere ku Hampshire College ku America kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ankayang'ana zinthu zitatu: asavulaze ziweto, asazisiye, ndipo aziteteze. Pa banja limeneli ine chikundidetsa nkhawa n'chachiwiricho. Kamwana ka Kangal kayenera kulowa m'khola kali ndi masabata pafupifupi 8, chifukwa akakwana 16 mtima wake umakhala utasankha kale abale ake. Kangal wamng'ono ndi wokongola zedi, ubweya wofewa, kukamwa kwakuda. Ana omwe amalira Jack Russell aja adzamunyamula kupita naye pakhonde tsiku lililonse, ndipo pakutha chaka mudzakhala ndi chigalu chogona pakhomo la nyumba mbuzi zikuthera kutchire. Alangizi, kambiranani ndi anawo, osati bambo okha.

Adokotala a ziweto: Apo ndivomereze, koma tisapitirire nazo. Malangizo akale aja oti galu wa ziweto asamagwiridwe n'komwe atipweteka ife. Munayesapo kubaya katemera wa chiwewe galu wa makilogalamu 55 yemwe sanagwiridwepo khutu chibadwire? Anawo azimugwira ndithu, azimutsegula kukamwa, azimuyang'ana nkhupakupa pakati pa zala, azimuzoloweza chingwe ndi kukwera galimoto. Koma zonsezo zizichitikira kukhola, ndi chakudya chomwe azidyera komweko. Kunyumba ayi.

Mkulu wa famu: Ine ndifunse zomwe ogulitsa agalu sanena. Malowo ali ndi mpanda? Oyandikana nawo ali kutali bwanji? Galu ameneyu amauwa usiku, ndiyo ntchito yake, ndipo popanda mpanda amadziikira yekha malire, munda wa eni n'kukhala wake. Chinanso, musawalonjeze kuti chaka chino apulumutsa mbuzi. Sakhwima nzeru mpaka miyezi 18 kapena zaka ziwiri. Pakati apo amasewera ndi ana a mbuzi mpaka kuwatafuna makutu, ndiye pamafunika munthu womudzudzula pomwepo. Kwanga ndimamuika ndi mbuzi zazikulu zosalola chibwana, zimamugunda n'kuphunzira ulemu. Ndipo amadya, abale, osati masewera.

Wophunzitsa agalu: N'chifukwa chake a Cheetah Conservation Fund, bungwe loteteza nyama zakutchire zotchedwa cheetah ku Namibia, omwe akhala akupereka agalu a Kangal ndi Anatolian (mtundu wofanana nawo wa ku Turkey) kwa alimi kuyambira 1994, samangopereka n'kuchoka, amabwerera kukaona galuyo akukula. Ku Botswana a bungwe lina lotere, Cheetah Conservation Botswana, amagwiritsa ntchito agalu wamba a komweko oleredwa ndi mbuzi. Ngati chakudya cha Kangal chiwalemera, njira imeneyo iliponso, bola galuyo akhale wamsinkhu woti nkhandwe imuope.

Mlangizi: Mpanda ulipo mbali zitatu, oyandikana nawo ali patali, ndipo chakudya akuti akwanitsa. Ndiye ndikawauza motere: atseke mbali yachinayi, agule Kangal, nyengo yoswa ikubwerayi asamudalire, zoswa kumene zizitsala pafupi ndi khola mpaka ana alimbe miyendo. Nanga mayi aja ndikawayankha chiyani za makoswe? Kapena agule onse awiri nkhani ithe?

Amayi oweta nkhosa: Nthawi imodzi ayi. Tiagalu tiwiri tikakulira limodzi timakondana tokha, ndipo Jack Russell ndi amene adzaphunzitse mnzakeyo kusaka. Adikire Kangal akhazikike, kenako wamng'onoyo abwere ngati galu wa pakhomo, geti la kubusa lizikhala lotseka. Pakadali pano chakudya cha ziweto achiike m'migolo yachitsulo yovundikira ndipo atchere misampha. Mankhwala a makoswe asaike pomwe galu angafike, ngakhale khoswe wofa nawo n'ngoopsa kwa galu.

Adokotala a ziweto: Ndipo pokagula mupite nawo, achimwene. Mukaone make ndi bambo wake wa kagaluko ali pakati pa ziweto, osati pa chithunzi cha pafoni. Mukaonenso mmene akuyendera, poti agalu akuluakulu amavutika ndi mfundo za m'chiuno ndipo zimatengera kumtundu. Khadi la katemera ndi la mankhwala a njoka za m'mimba mulitenge tsiku lomwelo.