Terek Sandpiper ku Karonga mu Meyi, koma chithunzi chakana

Gayidi wa ku Karonga: Anzanga thandizeni msanga. Dzulo cha m'ma 6 m'mawa ndinali ndi alendo awiri pamathiriro a mtsinje wa North Rukuru. Tinaona kambalame kakuthamanga m'matope chowerama, mlomo wautali wopindikira m'mwamba, miyendo yaifupi ya mtundu wa lalanje. Katauluka ndinaona zoyera m'mphepete mwa mapiko chakumbuyo. Ine ndikuti ndi Terek Sandpiper. Ndalowetsa mu app yolembamo mbalame zimene taona, yaika chizindikiro choti ndi yosowa, ndiye wowunika zolembedwazo akufuna umboni. Ndinajambula ndi foni kudzera pa scope, chipangizo choonera zakutali, koma chithunzi chatuluka mbuu, mukudziwa kuno dzuwa limatulukira kunyanja, linali kumaso kwathu. Alendo akunyamuka Lachisanu ndipo mmodzi akufuna yankho. Ndilembe bwanji kuti ailandire?

Mkulu wa ku Nkhata Bay: Imeneyo ndi Greenshank achimwene. Nayonso mlomo umapindikira m'mwamba. Mbalame zochokera ku Ulaya zinanyamuka kale mu Malichi ndi Epulo, zina mwa zimene zimatsalira kuno ndi ana a Greenshank amene sanafike poswa.

Gayidi wa ku Karonga: Akulu, Greenshank ndimaidziwa. Ndi yaikulu, miyendo yaitali yobiriwirako, ikadzidzimuka imalira katatu, tyu tyu tyu. Aka kanali kongoposa Common Sandpiper pang'ono, ndipo Common Sandpiper inali pomwepo, ndinaziona pamodzi.

Gayidi wa ku Liwonde: Mfundo yake ndi imeneyotu, lembani kuti munaziona pamodzi. Common Sandpiper mlomo ndi wowongoka, mzere woyera umadutsa pakati pa phiko, ndiponso ili ndi koyera kolowa paphewa. Mukasiyanitsa chonchi wowunika amaona kuti munayang'anadi. Koma chonde lembani zokhazo zimene maso anaona, musanatsegule buku. Mukayamba ndi buku mutu umawonjezera zake, mawa mudzalumbira kuti munaona mizere yakuda pamsana chonsecho simunaione. Chithunzicho tumizani mmene chilili. Musachikonze mitundu, akazindikira adzakayika ndi zanu zonse zam'mbuyo.

Mkulu wa ku Nkhata Bay: Asisi, miyendo yamatope imanama. Mitsinje ya kumpoto kuno ikasefukira imabwera ndi dothi lofiira, mbalame ikapondamo miyendo imasanduka. Ikamira m'matope imaonekanso yaifupi. Greenshank.

Wa ku Chintheche: Zandikumbutsa zanga. Chaka china mu Juni ndinauza mlendo kuti pamtengo pali Osprey, mbalame yodya nsomba yochokera ku Ulaya, yochedwa kupita. Bambo uja anasangalala, mpaka anandigulira chakumwa. Madzulo tikuyang'ana zithunzi pa kompyuta yake, tinapeza kuti ndi mwana wa nkhwazi, uja wamawangamawanga asanayere mutu. Sanakalipe, anangotseka kompyuta n'kunena kuti tigone. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa nkhwazi ndakula nazo, ndi changu chofuna kusangalatsa mlendo chimene chinandigwetsa. Ndiye achimwene musamuuze mlendoyo kuti yatsimikizika. Muuzeni kuti mwatumiza, mukudikira.

Gayidi wa ku Liwonde: Komanso tisaikane msanga. Terek imaswera ku Russia mpaka chaku Finland, ikabwera kuno imakonda matope a m'mbali mwa nyanja yamchere, monga ku Mozambique. Kumtunda kuno imangodutsa, n'chifukwa chake imasowa. Onani mu The Birds of Malawi ya a Dowsett-Lemaire ndi a Dowsett ya 2006 kuti muone miyezi imene inalembedwapo. Ngati ili paulendo sikhalitsa, bwererani mawa lomwe, koma masana dzuwa litapita kumtunda kuti likhale kumbuyo kwanu.

Wa ku Salima: Pobwererapo samalani. Mwezi uno nyanja ndi yodzaza, ng'ona zimakhala pamathiriro pomwepo m'bango. Osalowetsa mlendo m'madzi kuti ayandikire, ngakhale akakamire bwanji. Funsani asodzi kaye pomwe iwo amapewa. Ndipo musaidzutse dala kuti muone mapiko, mbalame yotsala ndi ulendo wotere imafuna kudya. Mwera ukayamba scope imanjenjemera, ikani tripod, miyendo yoimikira scope, pansi kwambiri, foni muike pa video, mudzatengamo chithunzi chimodzi chabwino.

Mkulu wa ku Nkhata Bay: Ndayenda gombe limeneli kuyambira Chilumba mpaka Kaporo zaka zambiri, Terek sindinaionepo. Mukabwera ndi video ya miyendo yoyera bwino ndidzavomera. Pakadali pano ine ndili pa Greenshank.

Wa ku Chintheche: Ine ndikanabwera ndi kamera yanga koma ndili ndi alendo mpaka Loweruka. Amene mwadutsa pa Chiweta sabata ino, msewu uli bwanji kwa galimoto yaing'ono?

Wa ku Salima: Ndifunsa dalaivala wathu, anadutsa Lolemba. Kodi alipo ali ndi adapter ya foni pa scope yoti andibwereke? Yanga inathyoka.